Tsiku Limene Ndinayeza Mtima wa Apongozi

Ana anga, za ubwana wanga ndizidumpha, chifukwa munalibe china koma kubusa mbuzi ndi kukwapulidwa pa milandu ya mbuzi zomwezo. Ndiyambira pamene boma linandiveka yunifolomu.

Kaluluma, zaka zoyamba pa ntchito

Ntchito yanga yoyamba inali ya ulangizi wa zaumoyo pa kachipatala kena ka kufupi ndi Kaluluma. Dzina la ntchitoyo linali lolemera, koma kunena zoona ndinali munthu woyendera zimbudzi. Ndinkalowa m'mudzi pa njinga, agalu akundithamangitsa, n'kuyamba kufunsa anthu aulemu wawo, ena akulu a mpingo, kuti andionetse kumene amapita akakhuta. Masiku ena ndinkakoloweka sikelo pa mtengo wa mango n'kumayeza makanda, ena ndinkathira mankhwala m'zitsime. Anthu ankanditcha adokotala, ndipo ine sindinkafulumira kuwatsutsa.

Bwana wanga anali a Mkandawire, amene ankaona odwala pachipatalapo. Anali munthu wabwino, kungoti akakwiya Chichewa chinkawathawa n'kutsala Chitumbuka chokhachokha, ndiye ife ochokera kumwera kwa boma tinkatukwanidwa osadziwa mlandu. Zokwiyitsa zinalipo zambiri. Mwezi uno kulibe parafini wa firiji ya katemera, mwezi wamawa parafini wabwera koma katemera kulibe. Pa masiku opanda mankhwala amenewo a Mkandawire ankati tisangokhala, n'kumatiphunzitsa zimene sizifuna katoni yochokera ku boma. Ndi iwo anandiphunzitsa kumva kugunda kwa mtima pa mtsempha wa pamkono. Ankati ugwire ndi zala ziwiri, chamkombaphala ndi chapakati, koma chala chachikulu usayerekeze, chifukwa nachonso chili ndi kugunda kwakekwake ndipo chimakunamiza. Mawu amenewa ndinawasunga, ndipo ndinawaphunzitsanso anthu ambiri modzikuza ndithu.

Sukulu ndinailekeza panjira, koma kuwerenga kunandigwira ngati chifuwa chosamva mankhwala. Ndinkawerenga timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, nyuzipepala zokulungira matemba, ngakhale zolembedwa pa matumba a mbewu. Tsiku lina la msika ndinagula kwa wogulitsa kaunjika buku lopanda chikuto, lachingerezi, lonena za mmene amakonzekeretsera anthu othamanga mipikisano. Ndinalimbana nalo nyengo yonse ya dzinja, mawu ena ndikumakafunsa kwa aphunzitsi. Zambiri zinandidutsa pamwamba, koma chinthu chimodzi chinakhazikika. Bukulo linkati kulimba kwa thupi sikuonekera pa kuthamanga kwa mtima munthu ali pakati pa ntchito, pakuti pamenepo wa aliyense umathamanga. Kumaonekera akaima. Munthu wolimba akakhala pansi, mtima wake nawo umatsika msanga. Wofooka amakhala pansi yekha, mtima wake ukupitirira ndi ulendo. Ndinayesa pa ine mwini nditapalasa njinga kuchokera ku mudzi wina wakutali. Ndinakhala pansi pa mtengo, ndinavula nsapato, ndinamwa madzi, koma mtima wanga unali ukupalasabe. Zotsatirazo sindinauze munthu.

Chulu, makuponi atangoyamba

Anandisamutsira ku Chulu nthawi imene boma linayamba kugawa makuponi a feteleza wotsika mtengo. Ndinakondwa, chifukwa kumeneko ndi kwawo kwa amayi anu, ndipo akuchikazi anandidulira kamunda koti ndizithandizira malipiro. Bwana wanga watsopano anali a Sisita Zimba, namwino wolankhula pang'ono, amene ankatha kukudzudzula ndi kungotsitsa magalasi. M'nyengo ya makuponi ntchito yathu inkavuta mwa mtundu wina. Ukaitanitsa msonkhano wa zimbudzi pankabwera nkhuku zokha, koma mphekesera ikamveka kuti lole ya feteleza yafika kudepoti, ngakhale odwala ankadzuka pa benchi n'kuchira kaye.

Chaka chimenecho bungwe lina linatipatsa njinga ya ambulansi, yokoka kabedi kumbuyo, yonyamulira amayi oyembekezera ndi odwala kuchokera m'midzi. Panafunika amuna ochepa oti azipalasa mosinthana. Ntchitoyo inali yongodzipereka, koma wina anafalitsa kuti opalasawo azilandira kuponi yapadera, ndiye m'mawa mwake pabwalo la chipatala panadzaza amuna otukumula zifuwa. A Sisita anati ndisankhe ndine, poti ndine wa m'midzi. Ndinadziwa kuti aliyense wotsala adzandida, choncho ndinaganiza zoti mlanduwo ndiusenzetse buku lija. Ndinalengeza kuti sindisankha ine, usankha ndi mtima wa munthu aliyense.

Vuto linali wotchi. Ya pakhoma inaima kalekale chifukwa cha batire, ndipo yanga ya pamkono ndinkavalira ulemu chabe. Ndiye ndinapempha a Jere, mlonda wathu, amene anali wa kwaya, kuti aziimba vesi limodzi la nyimbo ya kutchalitchi, vesi lomwelomwelo. Munthu akazungulira bwalo la mpira akukoka kabedi kokhala ndi thumba la mchenga, ankakhala pansi, ine n'kuwerenga kugunda kwa mtima wake a Jere akuimba. Kenako tinkamupumitsa vesi lina, n'kuwerenganso lachitatu. Njirayi inali ndi chilema chimodzi: a Jere nyimbo ikawalowa ankatseka maso n'kuikoka kumapeto, ndiye munthu wosalakwa ankapezeka ndi mtima wothamanga. Ndinkachita kuwagwedeza phewa. Komabe zinatithandiza. Anyamata ena a matupi ngati ng'ombe anatsala ali wefuwefu, pamene bambo wina woonda, wogulitsa nkhuni pa njinga, mtima wake unatsika vesi lopumira lisanathe n'komwe. Amene tinawasankhawo anagwira ntchito bwino zaka zingapo, ngakhale atazindikira kuti kuponi yapaderayo kulibe.

Mbiri yanga inakula kuposa nzeru zanga. Anthu anayamba kunena kuti a Mwale amamva za mumtima. Bambo wina anandibweretsera mnyamata amene ankafunsira mwana wake, wina anandiitana kuti ndikayeze ng'ombe ya pangolo asanaigule. A Sisita anandichenjeza kuti kayezedwe kangako kamangosonyeza ngati thupi lazolowera ntchito, sikoweruzira matenda ayi. Ndinavomera ndi mutu, koma m'mudzi ndinkayendabe zala ziwiri zili chire.

Chulu, chaka chachitatu cha makuponi, nyengo ya nazale

Tsopano ndifike pa agogo anu a Nabanda, amayi a amayi anu. Anali amasiye, ndipo ankalima okha munda wawo wa kufupi ndi dambo, fodya pang'ono ndi chimanga. Makuponi m'mudzimo ankafika ochepa, ndipo a komiti ankayang'ana kaye amene akugwira khasu ndi manja ake. Agogo anu ankalandira. Ndiye tsiku lina amalume anu a Yohane, mwana wawo woyamba, anawapeza kunazale atakhala pansi akupuma mwabefu. Kuyambira pamenepo a Yohane anayamba kunena kuti amayi akalamba, mtima wafooka, asiye kulima. Munda aupereke kwa iwo, kuponi izitsatira mundawo, ndipo iwo aziwadyetsa. Musawaone ngati munthu woipa amalume anuwo. Anali ndi ana ambiri, munda wawo unali wamchenga, ndipo mantha awo pa amayi awo anali enieni. Kungoti mantha ndi munda zinali m'thumba limodzi.

Agogo anu anakana. Nkhaniyo inakokedwa mpaka iwo anatopa nayo, n'kunena kuti aitanidwe mkamwini ndi zala zakezo. Mtima ukati asiye, asiya tsiku lomwelo. Ukati alime, pasapezekenso munthu wotchula za munda umenewo iwo ali moyo. A Yohane anavomera, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anabwera kwathu. Anayamba ndi za mvula, n'kufika pa ngolo yawo, imene inkanditutira feteleza ndi chimanga chaka ndi chaka popanda kulipira, n'kudutsanso pa kamunda kanga, kuti kali pa nthaka yabwino bwanji. Potsazika anati, "Alamu, ife sitikukuuzani chonena. Inu ndinu achipatala. Ingokumbukirani kuti amayi ndi munthu wamkulu."

Inu a masiku ano mumapatsana moni wa padzanja ndi apongozi anu, mumatumizirana zithunzi pa foni, ndiye simungamvetse chimene ankandipemphacho. Ine ndi agogo anu tinali tisanayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, wina ankapatukira kutchire, ndipo kawirikawiri ndinkakhala ine, njinga ndi yunifolomu yomwe, kulowa m'chitedze. Mawu athu onse ankadzera mwa amayi anu, ngakhale titakhala pakhonde limodzi. Ndinkawadziwa bwino ndi msana komanso chifuwa chawo cha m'mawa. Tsono munthu ameneyo ndimugwire mkono. Ndinapempha amayi anu kuti tiwatengere kwa a Sisita, koma agogo anu anabweza mawu kuti kuchipatala amapita odwala, iwo sakudwala, akungotsutsidwa.

Tinakumana kunazale Loweruka m'mawa: agogo anu, amayi anu, a Yohane ndi ine. Anthu ena anaima chapatali ngati akuyang'ana mbande zawo. Agogo anu anasenza ndowa kuchokera pachitsime cha m'dambo kukathirira fodya, kupita ndi kubwera, mpaka ine ndinauza amayi anu kuti awauze kuti zakwana. Anakhala pamphasa. Amayi anu, pofuna kusunga ulemu, anapinda chitenje n'kuphimba mkono wa agogo anu kuti khungu lisakhudzane. Ine ndinagwada chammbali, nkhope nditalozetsa kuchigafa cha fodya, n'kutambasulira dzanja kumbuyo ngati munthu woba chinangwa pamsika. Popeza a Jere kunalibe, vesi ankaimba ndi amayi anu.

Pansi pa nsaluyo sindinamve kanthu. Ndinasuntha zala, ndinafinya, ndinasunthanso, nyimbo ikupita. Makutu anga ankatentha. Ndinkamva kupuma kwa apongozi pafupi ndi phewa langa, chinthu chimene ndinali ndisanachimvepo chikwatirire. Kenako ndinaupeza mtsempha, ukugunda mwamphamvu ndi mofulumira. Ndinati n'zomveka, munthu wangotula ndowa kumene. Tinapuma vesi limodzi, dzanja langa lili pomwepo chifukwa ndinkaopa kuti ndikachotsa sindiupezanso. Nditawerenganso, unali usanatsike. Ndinapempha vesi lina. Unachita ngati wawonjezera liwiro. Chisoni chinandigwira, chifukwa gogoyo ndinkamukonda, ngakhale ndinkamukondera kutchire. Ndinachotsa kukhosi n'kulankhula molozetsa kuchigafa kuti mtima sukutsika, ndipo mtima wotere si woyenera ndowa kapena khasu.

A Yohane anapumira m'mwamba, n'kuyamba kunena mofatsa kuti amayi asadandaule, mizere ayamba kuunga Lolemba. Ine ndinali ndisanachotse dzanja, posadziwa kuti munthu amausiya bwanji mkono wa apongozi mwaulemu. Ndipamene agogo anu analankhula, mwa mwana wawo monga mwa nthawi zonse.

"Iwe Esinati, tawafunsa bambo a kwanuwa. Watunga madzi pano ndani, ine kapena iwo? Thukuta lawo landinyowetsera nsalu. Ndiye chala chawochi bwanji chikudumphadumpha pamkono panga ngati chule?"

Ndinatembenuka pang'ono n'kuyang'ana dzanja langa. Zala ziwiri zija zinali zitazungulira kunsi kwa mkono, zikungogwirizira. Chimene chinali pamwamba, chitakanikiza nsalu mwamphamvu, chinali chala chachikulu. Mavesi onse aja ndinkawerenga mtima wanga, mtima wa mkamwini amene wagwira apongozi ake anthu akuona.

Pa zaka zonse za ntchito yanga, apa ndi pamene ndinasankha movutika. Chigamulo chinali chitatuluka kale. Pa anthu amene analipo, panalibe wina wodziwa za chala chachikulu koma ine ndekha. Ndikanatha kunena kuti zala za achipatala zimatero, nkhani n'kuthera pomwepo. Ngolo ikanapitiriza kuima pakhomo panga, ndipo dzina langa la womva za mumtima likanakhala lonse. Ndikanadzitonthozanso kuti gogo kupuma n'kwabwino. Ndikufuna ndikuuzeni kuti chilungamo chinandikoka nthawi yomweyo, koma ndinayamba ndaganizira ngoloyo ndithu, matayala ake ndi ng'ombe zake ziwiri. Chimene chinandigonjetsa ndi mbande za fodya zimene zinali patsogolo panga, zobiriwira, zopanda udzu ndi umodzi womwe. Ndinaona kuti ndikumulanda munthu zimenezi chifukwa cha manyazi anga.

"Alamu," ndinatero, "pepani. Amene ndamuyezayu ndine."

A Yohane anafunsa modabwa: "Mwadziyeza nokha? Pa mkono wa amayi?"

Ndinafotokoza za chala chachikulu. Anthu oyang'ana mbande aja anasiya kunamizira, ndipo mayi wina anaseka mpaka anakhala m'ngalande. Amayi anu anatseka pakamwa ndi chitenje chonyowa chija. Ndinati tiyambirenso, koma tsopano awerenge ndi amayi anu, opanda nsalu, ine ndiimbe. Ndinkaopa kuti agogo anu akana kusenzanso, koma anauza mwana wawo kuti nazaleyo inali isanakhute madzi, ndiye kaya pali kuyeza kaya palibe, iwo akutunga basi. Ndinaonetsa amayi anu pogwira, pa mkono wanga, kenako ndinapita kukaima kuchigafa nditafulatira. Agogo anu atatula ndowa ndinayamba kuimba. Mawu anga mukuwadziwa. Kutchalitchi anandipatsa ntchito yokonza mabenchi chifukwa cha iwo. Koma vesi ndinalisunga mulingo wake.

Amayi anu anatchula zimene anapeza koyamba ndi zimene anapeza titapuma. Mtimawo unali utatsika. Sunatsike ngati wa wogulitsa nkhuni uja, koma unatsika bwino, kuposa wanga wa pansi pa mtengo ku Kaluluma. Ndinanena zimene ndinkadziwa, osawonjezera: kuti uwu ndi mtima wa munthu wamkulu wozolowera ntchito, kuti mwa iwo sindikuonamo cholandira munthu khasu, koma kuti befu lija likufunika a Sisita, osati ine. A Yohane anafunsa kuti tsono akhulupirire ziti, za dokotala kapena za mkazi wa dokotala. Ndinati za mkaziyo, chifukwa iye sankanjenjemera. Sanakangane. Anali munthu wosunga pangano. Anangotola chipewa chawo n'kunena, akuyang'ana kumwamba, kuti chaka chino ngolo yawo ikuvuta tayala, sakudziwa ngati iyende maulendo a anthu ena.

Agogo anu, popeza anali atapambana, anavomera kupita kuchipatala ngati munthu wokacheza. A Sisita anawapima bwinobwino, anapeza kuti magazi achepa pang'ono, n'kuwapatsa mapiritsi ndi kuwauza kuti azipuma dzuwa likakwera. Agogo anu atatuluka, a Sisita anandiitana. Nkhani ya chala inali itawafika kale, monga inafikira aliyense kuyambira ku Chulu mpaka ku Chisemphere. Anatsitsa magalasi n'kundiuza kuti kayezedwe kanga n'kosankhira opalasa njinga, sikogawira minda, ndipo tsiku lina ndikadzafunanso kukhala woweruza ndidzayambe ndavula yunifolomu ya boma. Kuyambira pamenepo ofunsira akazi ndi ogula ng'ombe anasiya kundivutitsa. Ana a sukulu okha ndi amene ankandiimikira chala chachikulu ndikamadutsa, ndipo sindikhulupirira kuti ankatanthauza kuti zili bwino.

Kamunda kanga a Yohane sanakakhudze, ndipo patapita zaka tinayambanso kumwera limodzi thobwa. Koma tayala la ngolo silinachire chaka chimenecho, ndipo linkadwalanso nyengo ya feteleza iliyonse. Agogo anu analima munda wawo mpaka pamene anausiya okha mwa kufuna kwawo, n'kuugawa mmene anafunira. Chimanga chimene chinakulerani inu china chinachokera mmenemo.

Kuponi ya agogo anu ya chaka cha kuyeza kuja inatuluka mvula itayandikira. Anafola okha pamzere kudepoti kuyambira m'mamawa, n'kugula matumba awo awiri. Ngolo panalibe, ndiye amayi anu anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana njinga yanga. Ndinamanga thumba limodzi pakaliyala, lina tinasungitsa kwa mlonda wa padepoti. Njira ya kudambo ndi yamchenga, yosapalasika ndi katundu, choncho ndinkachita kukankha, dzuwa lili pamutu. Agogo anu anali patsogolo, mbewu ya chimanga ili pamutu, osatembenuka, ndipo ine sindikanatha kuwapitirira ngakhale mwambo ukanalola. Titafika ndinagwetsa thumba pakhonde n'kudzigwetsa inenso pansi pa mtengo, kukamwa kuli yasa, malaya akuchita kudontha. Ndinamva agogo anu akuika mbewu yawo m'nyumba, akutunga madzi m'mtsuko, n'kupatsa amayi anu chikho kuti andibweretsere. Kenako analankhula ali kuseri kwa nkhokwe.

"Esinati, uwauze bambowo asafulumire. Akhale kaye mpaka mtima utsike. Thumba linalo akatenge ukatsika."